Mtsempha wa mu ubongo utaikidwa sitenti: mafunso ndi mayankho okhudza kujambulitsa pa MRI

Azakhali anga a ku Bangula atabwerako ku India, kumene anakawaika sitenti (kachubu ka timawaya) chifukwa cha chotupa cha mtsempha wa mu ubongo, kumudzi kunagwa mbuzi ndipo amayi a kumpingo anaimba mpaka usiku. Aliyense ankati nkhani yatha, munthu wachira. Ine amene ndinali gadiyani wawo sindinavine kwenikweni, chifukwa mu envulopu ya khaki imene ndinanyamula munali pepala lonena kuti akajambulidwe pa MRI, makina oonera m'kati mwa thupi, pakatha miyezi 6. Nditawauza anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe mwana wa achimwene, diso linatseguka, mutu unaleka kuwawa, ndikulima. Ndalama zokwerera ku Blantyre si bola tigulire chimanga?"

Mafunso ali m'munsiwa anachokera kwa iwo, kwa achibale, ndi kwa anthu ena a kuno kuchigwa amene anamva kuti banja lathu linadutsamo. Pamene zimene ndalemba zasiyana ndi zimene dokotala wanu analemba, tsatani za dokotalayo, chifukwa iye ndiye anauona mtsempha wanuwo.

Kodi matendawa ndi khansa?

Ayi. Mawu oti chotupa ndi amene amaopsa anthu. Aliyense amene anapalasapo njinga kuchoka pa Nchalo kupita ku Ngabu dzuwa lili paliwombo akudziwa zimene zimachitika tayala likadyeka mbali imodzi: chubu chimasuzumira pamenepo ngati kathumba. Mtsempha wa magazi umatero nawo. Khoma lake likafooka pamalo amodzi, kawirikawiri pamphambano pamene mitsempha imagawikana pansi pa ubongo, magazi amalikankha mpaka kutuluka kathumba. Madokotala amati aneurysm. Pafupifupi anthu akuluakulu 3 mwa 100 alionse ali nako, ndipo ambiri amakalamba osadziwa. Choopsa ndi kakaphulika, chifukwa magazi amakhuthukira mozungulira ubongo ndipo ena safika n'kuchipatala komwe.

Anaika bwanji sitenti m'mutu popanda kung'amba?

Amadzera mu mtsempha wa pamwamba pa ntchafu, cha m'mphechepeche, kapena wa padzanja. Kapaipi kowonda kwambiri kamayenda m'kati mwa mtsempha mpaka m'mutu, dokotala akukayang'ana pa X-ray. Sitenti ndi kachubu kolukidwa ndi timawaya, ngati mono wa nsomba koma kochepa kwambiri, ndipo ikafika pamalo pake imafutukuka n'kutsamira khoma la mtsempha.

Pali njira ziwiri, ndipo muyenera kudziwa yanu. Yoyamba, m'kathumba muja amapakiramo timawaya tofewa ta platinamu totchedwa makoyilo, osati koyilo wa udzudzu ayi, kenaka sitenti imatchinga pakhomo kuti timawayato tisagwere m'njira ya magazi. Makoyilo anayambitsidwa ndi dokotala wa ku Italy, Guido Guglielmi, cha m'ma 1990. Yachiwiri ndi sitenti yolukidwa mothinana kwambiri imene amati flow diverter. Yodziwika kwambiri ndi Pipeline, imene inavomerezedwa ku America mu 2011. Iyi kawirikawiri imaikidwa yokha, m'kathumba osapakiramo kanthu. Ganizani za kathamanda kamene Shire amakalowetsa madzi kudzera pakakhwawa. Mukatchinga pakhomo pake ndi bango wolukidwa bwino, madzi salekeratu kulowa tsiku lomwelo, koma amafooka, matope amadikha, ndipo pakapita nthawi pamamera udzu, thamanda n'kuuma. M'mutumo magazi a m'kathumba amaundana, ndipo khungu la m'kati mwa mtsempha limamera pamwamba pa sitenti mpaka kutseka khomolo.

Ngati zonse zinayenda bwino ndipo sindikumva kupweteka, kujambulanso n'kwa chiyani?

Ili ndiye funso la azakhali, ndipo ndi limene lachititsa kuti ndilembe zonsezi. Kathumba kamene katsegukanso kawirikawiri sikapweteka. Munthu amadya bwino, amagona bwino, amapita ku dimba, pamene magazi ayambanso kuloweramo. Thupi likhoza kukhala osakuuzani kanthu mpaka tsiku limene kadzaphulike.

Amene anapondapo thonje m'thumba akudziwa kuti thumba limaoneka lodzaza, koma ukaliponda ndi phazi pamwamba pamapezekanso malo. Makoyilo amachita chimodzimodzi. Mtima umagunda maulendo pafupifupi 100,000 pa tsiku, ndipo ulendo uliwonse magazi amawomba pakhomo pa kathumba. Pang'onopang'ono timawaya tija tikhoza kupanikizika n'kusiya mpata. Mwa timathumba 5 totsekedwa ndi makoyilo, pafupifupi kamodzi kamatsegukanso pang'ono, ndipo pafupifupi kamodzi mwa 10 kamafuna kukonzedwanso. Sitenti imachepetsa zimenezi, koma sizithetseratu.

Kwa a flow diverter nkhani ndi ina. Tsiku limene mukutuluka m'chipatala kathumba kanu kamakhala kasanatsekeke. Pa miyezi 6, pafupifupi 3 mwa 4 timakhala titatsekeka, ndipo pakutha chaka chiwerengerocho chimapitirira 8 mwa 10. Popanda chithunzi palibe amene anganene ngati inu muli m'gulu la otsekeka kapena la otsalawo.

Palinso china. Khungu limene likumera pa sitenti nthawi zina limanenepa kupyola muyezo n'kuchepetsa njira ya magazi. Nthawi zambiri zimakhala zochepa ndipo zimabwerera zokha, koma dokotala amafuna kuziona asanakuuzeni kuti muchepetse mankhwala oletsa magazi kuundana.

MRI imasiyana bwanji ndi X-ray imene timajambulitsa pa boma?

Ilibe cheza chija cha X-ray. Imagwiritsa ntchito maginito amphamvu kwambiri pamodzi ndi mafunde onga a wailesi. Thupi lathu ndi madzi okhaokha, ndipo makinawa amagwedeza tinthu ta m'madzimo n'kumvetsera mmene tikuyankhira, kompyuta n'kusandutsa zimenezo kukhala chithunzi. Mphamvu ya maginito amaiyeza mu tesla. Makina a 1.5 tesla ali ndi mphamvu yoposa ya maginito a dziko lapansi maulendo pafupifupi 30,000.

Kujambula kwa mitsempha yokha amakutcha MRA, ndipo mawu amenewa ndi amene ayenera kupezeka pa pepala lanu. Pepala likangoti MRI ya mutu basi, akhoza kukujambulani ubongo bwinobwino koma mitsempha osaioneka mmene dokotala akufunira, inu n'kulipira kawiri. MRA ili mitundu iwiri. Wina amati TOF, wosafuna jakisoni: magazi amene akuyenda amawala okha, zosayenda zimada. Winawo amabaya mankhwala pamkono kuti mitsempha iwale kwambiri.

Maginito amenewo sangazule chitsulo chili m'mutu?

Masitenti a mu ubongo a masiku ano amapangidwa ndi nitinol, imene ndi nikelo yosakaniza ndi titaniyamu, kapena ndi kobati yosakaniza ndi kromiyamu, ndipo makoyilo ndi a platinamu. Zimenezi maginito sazikoka ngati mmene akokera msomali. Ambiri mwa iwo ndi ololedwa pa makina a 1.5 ndi 3 tesla, malinga ojambulawo atsate malire amene kampani yopanga inalemba.

Koma ojambula sangakhulupirire pakamwa panu, ndipo akulondola. Pali njira yakale yochizira matenda omwewa, yotsegula chigaza n'kupana khosi la kathumba ndi kachitsulo konga kopanira zovala, imene Walter Dandy anayamba mu 1937. Tizitsulo tina takale tinali tokokedwa ndi maginito, ndipo kumayambiriro a zaka za m'ma 1990 ku America mayi wina anamwalira kachitsulo kotere katasuntha ali m'makina. Kuyambira apo palibe wojambula wanzeru amene amalowetsa munthu asanaone dzina la chimene chili m'mutu mwake.

Ife tinaphunzira mowawa. Ulendo woyamba tinadzuka 3 koloko m'mawa, tinakwera minibasi pa Bangula, tinaima pa Ngabu, pa Nchalo, pa Dyeratu kudikira kuti idzaze, tinawoloka Kamuzu Bridge, n'kuyamba kukwera phiri pa Thabwa azakhali atagwira mpando wakutsogolo ndi manja onse awiri. Titafika pamalo ojambulira, mtsikana wa pawindo anafunsa mwaulemu kuti, "Amayi, khadi la sitenti mwatenga?" Khadilo, kakang'ono ngati ka ku banki, ndinali nditalisiya m'sutikesi kunyumba poganiza kuti ndi lisiti. Tinagona kwa achibale ku Ndirande, ndipo ojambulawo anatilandira mawa lake mdzukulu atalijambula pa foni mbali zonse ziwiri n'kutumiza pa WhatsApp. Khadi limeneli limakhala ndi dzina la sitenti, kukula kwake, tsiku limene inaikidwa ndi chipatala chake. Lijambuleni lero lomwe, mutumize kwa achibale awiri, lenilenilo mulikulunge mu pulasitiki pamodzi ndi buku la kuchipatala. Kuno madzi akabwera usiku palibe amene amakumbukira sutikesi.

Chitsulocho sichisokoneza chithunzi?

Chimasokoneza, ndipo ndi bwino kudziwiratu kuti musadzakomoke ndi lipoti. Mukalowa ndi foni m'kontena ya chitsulo netiweki imafooka. Sitenti nayo ndi kakhola ka waya, ndiye mafunde a makina amavutika kulowa ndi kutuluka m'kati mwake. Zotsatira zake, chigawo cha mtsempha chimene chili ndi sitenti chimaoneka chakuda kapena chowonda pa chithunzi, chonsecho magazi akudutsa bwinobwino. Kumapeto kwa masitenti ena kuli timadontho ta chitsulo tothandiza dokotala kuona malire ake pa X-ray, ndipo pa MRA timeneti timasiya mdima ngati mtsempha waduka. Kukula kwa mdimawu kumatengera chitsulo: nitinol amasokoneza pang'ono, kobati ndi kromiyamu amaposerapo, ndipo sitenti yolukidwa mothinana imatchinga kwambiri kuposa ya maso akuluakulu. Makoyilo a platinamu sasokoneza kwenikweni, n'chifukwa chake MRA inazolowereka msanga kwa anthu a makoyilo okha.

Choncho pa mafunso awiri amene dokotala ali nawo, MRA imayankha bwino limodzi. Loti magazi akulowabe m'kathumba imaliyankha bwino ndithu, makamaka akabaya mankhwala aja. Loti m'kati mwa sitenti mwachepa imaliyankha mokayikira, ndipo kawirikawiri imakokomeza. Palinso msampha wina pa TOF: magazi oundana kumene amatha kuwala ngati akuyenda, pamene oyenda pang'onopang'ono amatha kubisala. Wowerenga chithunzi wozolowera amazidziwa zimenezi, koma ayenera kuuzidwa kuti muli sitenti yanji ndipo ili pati. Makina ena atsopano ali ndi njira zojambulira mofulumira chitsulo chisanasokoneze, monga imene kampani ya GE imaitcha Silent MRA, koma sizipezeka paliponse.

Pali chimene MRI imaposa nacho njira zina zonse. Imaona kathumba konse, ngakhale mbali imene magazi anauma, ndiye imasonyeza ngati kakufota kapena kakukula. Imaonanso ubongo weniweniwo: ngati watupa mozungulira kathumba, ngati muli timabala ta sitiroko yaing'ono imene munthu sanaimve, ngati madzi akuchuluka m'mutu.

Nanga bwanji osangojambulitsa CT, poti imapezeka msanga?

CT ndi makina ena oonera m'kati mwa thupi, ogwiritsa ntchito X-ray. Kwa amene ali ndi makoyilo, CT imatulutsa chithunzi chokhala ngati mwajambula tochi usiku, kuwala kuli mbee pamalo pomwe mukufuna kuona. Kwa a flow diverter yopanda makoyilo CT ya mitsempha imathandiza ndithu, ndipo madokotala ena amaisankha pofuna kuona m'kati mwa sitenti. Koma ili ndi cheza, ndipo munthu wojambulidwa chaka ndi chaka amafuna kuchipewa.

Njira imene imanena zoona zenizeni ndi ya kapaipi ija, imene amati DSA, yolowanso pantchafu n'kuthira mankhwala mu mtsempha momwemo. Madokotala ambiri amafuna kuichita kamodzi, pakati pa miyezi 6 ndi chaka, makamaka kwa a flow diverter, kenaka n'kumapitiriza ndi MRA. Ili ndi chiopsezo chochepa cha sitiroko, chosafika munthu mmodzi mwa 100, ndipo kwa ife a kuno ikhoza kutanthauza ulendo wina wa pandege. Musanachoke kumene anakuikani sitenti, funsani mosabisa ngati MRA yojambulidwa ku Malawi ingakwanire, ndipo ngati ayi, akuuzeni chifukwa.

Jakisoni wa mankhwala owalitsa mitsempha ndi woopsa?

Mankhwalawa ali ndi gadolinium, ndipo amatuluka ndi mkodzo. Kwa munthu wa impso zabwino vuto silichitikachitika: pamkono pamazizira, ena amamva kakomedwe kachilendo m'kamwa, basi. Kwa amene impso zake zinafooka kwambiri angathe kubweretsa matenda oumitsa khungu, n'chifukwa chake amayamba ayeza magazi kuona creatinine, imene imasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito. Ngati muli ndi shuga, BP ya nthawi yaitali, kapena mumamwa ma ARV okhala ndi tenofovir monga ambiri amamwera kuno, nenani, ndipo ngati n'kotheka yezetsani impso ku chipatala cha boma sabata yomweyo mutenge zotsatira. Palibe chamanyazi pamenepa, ojambula amangofuna kudziwa za impso. Mayi woyembekezera sabayidwa mankhwalawa pokhapokha patavuta kwambiri, koma TOF ija imatheka. Woyamwitsa akhoza kupitiriza kuyamwitsa.

Ndizijambulitsa kangati?

Zipatala zimasiyana. Zambiri zimati koyamba pakati pa miyezi 3 ndi 6, kachiwiri chaka chikakwana kapena kupitirira pang'ono, kenaka mipata imatalikirana zithunzi zikamatuluka zabwino. Kathumba kakakulu, kamene kanaphulikapo, kapena kamene sikanatsekeke konse kamayang'aniridwa pafupipafupi.

Dokotala wa ku Chennai kapena ku Johannesburg polemba tsiku sadziwa kuti Januwale ndi chiyani kwa munthu wa ku Makhanga. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anadula msewu wa M1 ku Chikwawa, Freddy mu Malichi 2023 anachita zoposa, ndipo a kutsidya kwa Shire amadziwa masabata amene njira imakhala bwato lokha. Tsiku lanu likagwera m'dzinja, muuzeni dokotala nthawi ikadalipo. Kusuntha ndi masabata ochepa, kubweza ku Disembala mvula isanalimbe, nthawi zambiri amavomera. Chimene savomera ndi kudumphiratu.

Kuno kuchigwa tingajambulitse kuti?

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kulibe MRI. Pafupi ndi ku Blantyre, makilomita pafupifupi 50 kuchokera pa boma la Chikwawa ndi pafupifupi 180 kuchokera pa boma la Nsanje. Yambirani ku chipatala cha boma lanu kuti akulembereni kalata, ndipo ndi bwino kudziwika ku madokotala a opaleshoni ya ubongo ku chipatala chachikulu cha Queens ngakhale munachitidwira kunja, kuti pakhale wina kuno amene akudziwa nkhani yanu.

Si MRI iliyonse imene ingagwire ntchitoyi. Makina amene anafika ku Queens mu 2008 kudzera mu kafukufuku wa malungo anali a 0.35 tesla, ndipo anagwira ntchito yaikulu: ndi amene anathandiza kusonyeza mu 2015 kuti ana ambiri ofa ndi malungo a mu ubongo amafa chifukwa ubongo watupa. Koma kuona kampata ka mamilimita awiri pambali pa sitenti kumafuna makina a 1.5 tesla kapena kuposa. Musanakwere minibasi imbani foni mufunse zinthu izi: makina akugwira ntchito sabata ino, ndi a mphamvu yanji, amachita MRA ya mutu, mtengo wake ndi wotani ndi jakisoni komanso popanda jakisoni, ndipo adzakupatsani zithunzi pa CD kapena ayi.

Za CD musagonje. Lipoti la papepala ndi maganizo a munthu mmodzi, pamene dokotala amene anaika sitenti amafuna kuona zithunzi zonse, mazanamazana, n'kuziyerekeza ndi zakale. Kujambula filimu pawindo ndi foni sikuthandiza. Zimene zili pa CD zimatumizika pa intaneti, ndipo muzikoperenso pa fulashi. Popita kukajambulitsa tengani ma CD akale onse.

Tsiku lojambulitsalo kumachitika zotani?

Amakupatsani pepala la mafunso, ndipo apa m'pofunika kunena zonse. Maginito aja sazimitsidwa, ngakhale usiku. Foni, makiyi, makobidi, khadi la ku banki, ndolo, mapini a duku, mano ochotsa, zonse zimatsala panja. Amayi, meshi kapena wigi ya timapini imasulidwe kunyumba, ndipo kamisolo ka waya mudzavula. Mikanda ya m'chiuno ngati ili pa waya kapena ili ndi kokowera ka chitsulo, ichoke. Chithumwa chimene simudziwa zimene asing'anga anasokeramo, chivuleni musiyire gadiyani, palibe amene adzakufunseni za icho. Mphini zilibe vuto. Lupu ndi kolera ka pamkono nthawi zambiri sizivuta, koma zitchuleni.

Pali magulu awiri amene ndimawadera nkhawa. Owotcherera zitsulo ndi osula makasu, amene kachitsulo kanawagwerapo m'diso zaka zapitazo: kameneko kakhoza kusuntha n'kuwononga diso, ndiye amayamba ajambula X-ray. Enanso ndi achikulire a m'malire, amene anathawa nkhondo ya ku Mozambique ija inatha mu 1992 ali ndi chipolopolo kapena chidutswa cha bomba m'thupi. Ambiri anaiwala n'kuiwala komwe. Ofunika kunenanso ndi amene ali ndi kabatire ka mtima.

Kenaka mumagona chagada, mutu amauika m'kachipewa konga dengu, amakutsekani m'makutu, bedi n'kulowa m'mphako. Phokoso lake azakhali anati ndi chigayo cha dizilo chikamaliza mphale, gogogo, kenaka kulira kwina ngati njinga yamoto yakana kulira. Zimatenga mphindi 20 mpaka 45. Palibe kupweteka. Ntchito yanu ndi imodzi, kusagwedeza mutu, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha ndipo mitsempha imene akuifunayo ndi yowonda kwambiri. M'dzanja amakupatsani kampira koti mufinye mukafuna kutuluka. Ngati mumaopa malo opanikiza nenani pokonza tsiku, alipo mankhwala okhazika mtima pansi. M'chipindamo mumazizira kwambiri kwa munthu wozolowera kutentha kwa Nsanje, pemphani chofunda.

Lipoti lalembedwa m'Chingerezi cha madokotala. Ndiyang'ane mawu ati?

Kwa a makoyilo mudzaona dzina loti Raymond-Roy ndi nambala. Nambala 1 ndiye kuti kathumba katsekeka konse. Nambala 2, pakhosi pake patsala kampata, ndipo kawirikawiri amangopitiriza kuyang'anira. Nambala 3, magazi akulowa m'kathumba mwenimwenimo, ndipo apa dokotala amaganiza zokonzanso. Mawu oti artefact akutanthauza mdima wa chitsulo uja, si matenda. Mawu oti in-stent stenosis ndi kuchepa kwa njira m'kati mwa sitenti, ndipo pa MRA yokha amafunika kutsimikizidwa. Mawu oti stable ndi okoma kuwamva: palibe chasintha poyerekeza ndi chithunzi chapita. Nambala 2 imene yakhala chimodzimodzi zaka zitatu imadetsa nkhawa pang'ono kuposa nambala 2 imene chaka chatha inali 1.

Chithunzi chikatuluka bwino, ndisiye mankhwala?

Musasiye nokha, ngakhale tsiku limodzi. Magazi amakonda kuundana pa chitsulo chimene khungu silinachikute, ndipo akaundana mu sitenti ndi sitiroko. Ambiri amamwa asipirini ndi clopidogrel pamodzi kwa miyezi 3 mpaka 6 kapena kuposa, kenaka asipirini yekha nthawi yaitali. Wosintha ndi dokotala, ataona chithunzi. Clopidogrel sapezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse, ndiye musadikire kuti papepala patsale mapilisi awiri. Mvula isanayambe khalani ndi a miyezi iwiri, ndipo musawasunge pafupi ndi malata, chifukwa mu Okutobala kuno kutentha kumapyola madigiri 40.

Mutu kapena msana ukawawa imwani panado. Bulufeni, indosidi ndi diclofenac za pa golosale zikaphatikizana ndi mankhwala anuwa zimatha kutulutsa magazi m'mimba. Omeprazole wa zilonda za m'mimba amafooketsa clopidogrel, ndiye auzeni akupatseni wina. Kokachotsa dzino, kapena kuchipatala akafuna kutenga madzi a pamsana, yambani mwanena zimene mukumwa.

Ndi zizindikiro ziti zosadikira tsiku la MRI?

Mutu woyamba mwadzidzidzi ngati wina wakumenyani ndi musi, woposa uliwonse umene munamvapo. Khosi kuuma, kusanza, kukomoka kapena kugwa khunyu. Kamwa kupotoka, dzanja kapena mwendo kulemera, lilime kulemera, chikope kugwa, kuona zinthu ziwiriziwiri. Ngakhale zitatha zokha pa mphindi khumi, pitani. Thamangirani chipatala chimene chili pafupi, kaya ndi pa boma, ku Montfort, ku Kalemba kapena ku Trinity, khadi lili m'manja. Kuno mutu ndi kusanza aliyense amayamba waganiza malungo, ndipo kuyeza malungo n'koyenera, koma gadiyani anene msanga ndi momveka kuti munthuyu ali ndi sitenti mu ubongo ndipo akumwa mankhwala osungunula magazi. Pa ngozi yotere chofunika ndi CT ku Blantyre tsiku lomwelo, osati MRI ya mwezi wamawa.

Chitsulo cha m'mutu sichikoka mphezi? Sichitentha ndi dzuwa? Sichichita dzimbiri?

Zonse zitatu ayi. Chimakhala pa kutentha kwa magazi anu ngakhale muli m'munda wa mapira masana. Makina ofufuzira zitsulo a pabwalo la ndege nawo kawirikawiri sachimva.

Ndingachitepo chiyani ine mwini kuti kasabwerenso?

Fodya ndiye mdani wamkulu, wa m'sitolo ngakhale wopichira, ndipo wosuta amakhala pachiopsezo choti kathumba kena kamere pamalo ena. Wa m'mphuno ndi wa pansi pa lilime umene agogo athu amaukonda nawonso umakweza BP. Yezetsani BP mwezi ndi mwezi, mankhwala ake muzimwa ngakhale mukumva bwino. Chepetsani mchere, pokumbukira kuti madzi a m'mijigo ina kuno ndi amchere kale musanathire kanthu mu ndiwo. Kachasu wa chiledzerere mumusiye. Kulima, kuyenda, kupalasa njinga ndi za m'banja zimabwerera dokotala akalola, ndipo ambiri amalola pakangopita masabata ochepa.

Ana anga nawonso akajambulitse?

Ngati m'banja ndinu nokha, kawirikawiri safunika. Ngati pali awiri kapena kuposa a magazi amodzi, kholo, mwana kapena obadwa nawo mimba imodzi, amene anapezeka ndi matendawa kapena anaphulikiridwa mtsempha m'mutu, kambiranani ndi dokotala za MRA ya enawo. Chimodzimodzi mabanja amene ali ndi matenda otengera a timatumba ta madzi mu impso. Vuto kwathu kuno ndi loti wachibale amene anagwa mwadzidzidzi ku dimba atadandaula mutu timangoti anamulodza, ndiye mbiri imasowa. Funsani akuluakulu mmene anthuwo anamwalirira, osati amene anawapha.

Kujambulaku kudzatha liti?

Kwa a flow diverter amene kathumba katsekeka konse ndipo zithunzi ziwiri zotsatizana zagwirizana, kutsegukanso sikuchitikachitika, ndipo madokotala ena amamasula munthu pakapita zaka zingapo. Kwa a makoyilo, kwa amene ali ndi timathumba tingapo, kwa osuta ndi kwa amene anadwala akadali achinyamata, kuyang'anira kumapitirira, kungoti mipata imakula mpaka zaka zingapo.

Azakhali chithunzi chawo choyamba chinasonyeza kampata pakhosi pa kathumba, ndipo chigawo cha sitenti chinaoneka chowonda moti usiku umenewo sindinagone. Dokotala wawo ataona CD anayankha kuti kuwondako ndi mdima wa chitsulo, koma kampatako n'koona, apitirize mankhwala onse awiri. Chachiwiri kampata kanali katachepa ndipo anawasiyitsa clopidogrel. Chachitatu tinapempha kuti chichoke mu Febuluwale chipite mu Meyi, msewu utauma ndiponso atagulitsa chitowe. Khadi lija tsopano amalisunga okha, m'kapulasitiki ka shuga, pansi pa Baibulo.